Mpeni umene amalume anauika pa chitsa

Chinkhoswe cha mlongo wanga chinachitikira kumudzi kwathu ku Jali m'mwezi wa Julaye, ndipo mbuzi ziwiri zonse zinali m'manja mwa amalume. Pabanja pathu, kaya ndi ukwati, kaya ndi sadaka, kaya ndi Khirisimasi, wopha ndi kusenda mbuzi ndi iwo. M'mawa wa tsikulo ndinawaitanira kuseri kwa nkhokwe n'kuwapatsa mpeni wokulunga m'nyuzipepala. Unali mpeni wanga woyamba kusula. Unandidyera Loweruka lililonse la mwezi wa Juni, kuseri kwa nyumba imene ndimachita lendi ku Chinamwali, ndikupemerera makala ndi kumenya tupa lakale pa chidutswa cha njanji. Chigwiriro chake chinali cha mlombwa.

"Mphwanga, wasula ndiwe?" Anautembenuza uku ndi uku, anayesa kuthwa kwake ndi chala chachikulu, kenako anaitana anzawo awiri kuti adzaone. Mtima wanga unali mbee.

Pakhosi pa mbuzi yoyamba unadula bwinobwino. Pofika posenda chikopa cha kumsana unali utayamba kukokera. Amalume anaunola pamwala n'kupitiriza. Atafika pa mfundo ya mwendo, pamene mpeni umakhudza fupa, mbali yodulira inapindika, moti ngakhale ndinali chapatali ndinaona kamzere kowala m'mphepete mwake. Ananolanso. Kachitatu sananole. Anaupukuta ndi tsamba la nthochi, anauika pa chitsa mosamala ngati dzira, n'kusolola mpeni wawo wakale uja, wotha ndi kunola mpaka kufanana ndi tsamba la nsungwi. Mbuzi zonse ziwiri anamalizira umenewo.

Sananene kanthu, tsikulo ngakhale pambuyo pake. Akanandiseka bwenzi nditaiwala kale. Koma kuupukuta kuja, ndi kuuika pansi mwaulemu kuja, n'zimene zinandikhala pamtima. Anthu ankavina, amayi ankalulutira, ine maso ali pa chitsa. Madzulo kutada ndinakautenga ndekha n'kuubisa m'chikwama.

## Chitini cha oyilo ndi ndowa ya madzi

Aliyense amene ndinamufunsa ndisanayambe anandiuza zofanana: chitsulo chikafiira, chiviike mu oyilo wakuda wa galimoto kuti chilimbe. Sagula, anyamata a m'magalaja amakupatsa ulere, mwina ungowasiyira ya sopo. Ndinatenga chigubu chimodzi, ndinathira m'chitini cha penti, ndinatenthetsa mpeni dzuwa lili paliwombo mpaka unachita psuu, n'kuumiza. Lawi linabuka, utsi unadzaza pakhonde, mayi a nyumba yoyandikana nayo anatuluka kudzaanula zovala pachingwe. Mpeni unatuluka uli bii, ine n'kuti basi walimba. Sindinauyese ndi tupa. Sindinkadziwa n'komwe kuti amayesa.

Nditabwerako ku Jali ndinagamula kuti olakwa ndi mafuta, ndipo madzi ndiwo achita bwino. Ndinasula wachiwiri kuchokera ku tupa lina, ndinaupala mpaka mbali yodulira inapyapyala ngati lezala, ndipo m'mawa wina wa Ogasiti ndinatunga ndowa ya madzi a pampopi. Amene amakhala ku Zomba akudziwa mmene madzi a ku Mulunguzi amazizirira nyengo imeneyo. Nditangomiza, ndinamva kamawu kamodzi kakuti "tii", ndipo kanayenda m'mbaniro mpaka m'dzanja langa. Potulutsa, ming'alu itatu inali itakwera kuchokera kodulira kulunjika kumsana.

Ndinatsala ndi mipeni iwiri, wina wofewa, wina wong'aluka, ndi thumba la makala lotha.

## M'chisakasa cha ku Songani

Mnzanga wina wa kabaza, nditamuonetsa mipeniyo, anandiuza za mkulu wina wosula nkhwangwa ndi zikwanje chakuseri kwa msika wa Songani, panjira ya ku Domasi. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Loweruka lina la Seputembala ndinakwera minibasi, m'chikwama muli mipeni yanga iwiri, maginito ochotsa m'sipika ya wailesi yakufa, ndi botolo la theka la lita la mafuta ophikira a mpendadzuwa. Mafutawo ndinawatenga chifukwa ndinali nditawerenga pafoni kuti kunja oyamba kumene amaviika m'mafuta a canola, ndipo canola kuno simungamupeze pa okala.

Chipala chawo chinali m'chisakasa cha malata akale, chotchinga mbali zitatu, moti mkati munali kamdima ngakhale kunja dzuwa linali ngwee. Mdzukulu wawo ankapukusa gudumu la njinga limene limayendetsa chopemerera moto. Nditapereka moni n'kukhala pa njerwa, ndinatula chimene chinandiyendetsa.

"Agogo, mafuta abwino oviikamo mpeni ndi ati?"

Sanandiyankhe. Anatenga mpeni wong'aluka uja, anaupana pa vayisi, anaumenya kamodzi ndi hamala, n'kuthyoka. Chidutswacho anatuluka nacho panja powala, nandikodola.

"Yang'anani pothyokapa, mwana wanga. Mukuona chiyani?"

"Timibulu tonyezimira."

"Ngati shuga, eti? Chitsulo chophika bwino chimakhala ngati ufa woyera, simuona mbulu ngakhale umodzi. Ichi munachipsereza. Munatenthetsera padzuwa."

Sanali kufunsa. Ndinavomera.

"Padzuwa maso amanama. Mukamati chafiira, ndiye kuti chapitirira kalekale. Madzi musawanamizire okha, anapeza chitsulo chitafooka kale."

Kenako anatenga mpeni wofewa uja, wa amalume. Anauika pamoto, anadulapo ndi tchizulo tizidutswa titatu totalika ngati chala. Anadulanso titatu pa sipuling'i ya galimoto imene amasulira zikwanje, natisula mpaka tinachepa ngati msana wa mpeni. Anandandalika zitini zitatu: cha madzi a m'ndowa yawo, cha oyilo wakuda amene iwo amaviikamo zikwanje, ndi chachitatu chimene ndinakhuthuliramo botolo langa.

"Mafuta a ndiwo awa? Amayi kunyumba akudziwa?" Mdzukulu uja anaseka. Komabe mkuluyo sanawakane. Anatenthetsa mabawuti awiri, lina anaponya mu oyilo, lina m'mafuta anga, mpaka zitini zinafunda. "Mafuta ozizira ndi aulesi," anatero. "Ayambe adzuka."

Tizidutswato ankatiika pamakala kamodzikamodzi. Ndinapempha kuti ndiziyesa ndi maginito anga, iwo anangoti yesani. Kachitsulo kakasiya kugwira maginito, iwo ankakabwezera pamoto kanthawi kochepa kuti kufiira kuwonjezekere pang'ono, ndiye n'kukamiza. Maulendo onse asanu ndi limodzi anatulutsira pamtundu umodzimodzi. Maginito sankawayang'ana n'komwe, ankayang'ana chitsulo.

Titazizira, anatenga tupa latsopano n'kupala kalikonse, kenako kukapana pa vayisi ndi kukamenya.

Ka tupa koviika m'madzi, tupa linangoterera likulira ngati pagalasi, ndipo kanathyoka kamodzin'kamodzi, mkati muli motuwa mosalala ngati ufa uja ankanena. Ka tupa ka mu oyilo wakuda, tupa linaluma n'kugwetsa tizinyenyeswa, ndipo pomenya kanayamba kapindika kasanathyoke. Zonse za ku Jali zija ndinaziona pomwepo, m'kachitsulo kotalika ngati chala. Ka m'mafuta a mpendadzuwa kanali pakatikati: kumene kunali kopyapyala tupa linaterera, kumene kunali kochindikala linagwirako pang'ono.

Ta sipuling'i tinatuluka mwina. Ka m'madzi kanali ndi mng'alu kasanamenyedwe n'komwe. Ka mu oyilo wakuda kanalimba. Ka m'mafuta ophikira kanalimbanso, ndipo kanatuluka koyera, kopanda nkhanambo yakuda ija.

Mkuluyo anatiyala tonse pa njanji, m'mizere iwiri.

"Munandifunsa za mafuta. Onanitu tsopano. Zitsulo ziwirizi si za mimba imodzi. Cha tupa n'chopupuluma, chimafuna kuzizira msangamsanga, mukachedwa chabwerera mwakale. Cha sipuling'i n'chodekha, chimadikira. Inu munatenga chitsulo chopupuluma n'kuchipatsa mafuta aulesi, ozizira. Kenako munatenga chopserera n'kuchipatsa madzi aukali."

Ndinakhala duu, maso ali pa tizitsulo tija. Miyezi itatu yonse ndinkasakasaka dzina la mafuta, ngati kuti alipo amodzi amene amisiri amabisirana. Za chitsulo chimene ndinachigwira m'manja sindinafunsepo munthu.

Potsanzikana anandidulira sipuling'i yotalika ngati mkono. "Matupa asiyeni kaye. Yambani ndi ichi, chimakhululuka."

## Sekondi imodzi

Zimene agogo aja anandiuza m'mawu awo ndinadzazipeza pambuyo pake zitalembedwa m'manambala, ndipo sizinasemphane.

Chitsulo cha mpeni chimalimba chifukwa cha kaboni amene ali m'kati mwake, yemwe uja amapezeka m'makala. Chikatentha kupitirira pang'ono madigiri 800 a Celsius, kaboni amamwazikira m'thupi lonse la chitsulo ngati mchere m'madzi, ngakhale chitsulocho sichinasungunuke. Mukachisiya kuti chizizire chokha, kaboni uja amapeza mpata wopatuka n'kukaunjikana m'timizere take, chitsulo n'kufewa. Mukachiziziritsa mwadzidzidzi, amatsekeredwa pomwe ali, ndipo chitsulo chimauma gwa. Kuuma kumeneku akatswiri amakutcha martensite.

Maginito amasiya kugwira pa madigiri 770, ndiye kuti mpeni umakhala usanafike. N'chifukwa chake mkulu uja ankabwezera kachitsulo pamoto pang'ono. Mchere wa m'khitchini umasungunuka pa madigiri 801, moti ena amawaza timibulu take pa mpeni kuti aone pamene tasungunuka.

Potsika, malo oopsa ali cha pa madigiri 550. Pamenepo ndi pamene kaboni amathawa mofulumira kwambiri. Chitsulo cha mtundu wa 1095, chimene chili ndi kaboni pafupifupi 0.95 peresenti ndipo n'chofanana ndi cha matupa ambiri abwino, chiyenera kudutsa pamenepo pasanathe sekondi imodzi. Sekondi imodzi yokha. Cha 5160, chimene chimapezeka kawirikawiri m'masipuling'i a magalimoto, chili ndi kaboni 0.6 peresenti ndi chitsulo china pang'ono chotchedwa chromium, ndipo chromium ameneyu amamanga kaboni miyendo, n'kukupatsani masekondi angapo. Kupupuluma ndi kudekha kuja n'kumeneku.

Mukangodutsa pamenepo, changu chimayamba kuononga. Martensite amayamba kupangika chitsulo chikatsikira cha m'ma 250 kapena 200, ndipo akamapangika chitsulo chimafufuma pang'ono. Mbali yodulira, poti ndi yopyapyala, imafikako msanga n'kufufuma msana usanafike, ndiye zimakokana. Madzi sabweza moto pamenepa, amawirabe mpaka chitsulo chifike pa 100. Mafuta amasiya kuwira chitsulo chikadali chotentha kuposa madigiri 300, ndipo kuchokera apo amachotsa kutentha mofatsa. Kamawu kaja ndinamva m'ndowa kanali kukokana kumeneku.

Za kudzutsa mafuta nazonso n'zoona, ngakhale poyamba zimamveka zosemphana ndi nzeru. Mafuta ozizira ndi olemera, sayenda, amene akhudza mpeni amakhala pomwepo akutentha. Akafunda kufika cha pa madigiri 50 amapepuka n'kumasinthana msanga. Oyilo wanga wa mu Juni uja, wokhala usiku wonse pakhonde chiperoni chikuwomba, anali ngati phala.

## Pamene sitinagwirizane

Oyilo wakuda analimbitsa sipuling'i, ndinaona ndi maso anga, ndipo agogo aja akhala akuviikamo zikwanje zaka zambiri. Ulemu wanga kwa iwo ndi waukulu. Komabe ine ndinamusiya, ndipo aliyense woyamba kumene ndingamuuze kuti asamuyandikire.

Mgolo wa kugalaja umalandira chilichonse. Mumalowa oyilo wa injini ya petulo ndi ya dizilo, wa m'giya, mafuta a mabuleki, palafini kapena petulo amene anatsukira zitsulo, ndi madzi a mvula pamwamba pake. Amene mwatunga lero si amene mudzatunge mwezi wamawa. Munthu wophunzira ali kale ndi zambiri zosakhazikika: moto wa makala, maso osazolowera, chitsulo chotola. Mpeni ukakanika, ayenera kukhala ndi chinthu chimodzi chimene angachichotse pa mlandu. Madzi obisala pansi pa chitini amathethetsa mafuta otentha kumaso, petulo amabutsa lawi ngati lija linathamangitsa aneba anga.

Ndiye pali utsi. Oyilo wotha ntchito amakhala ndi mwaye, tizitsulo ta m'injini ndi mankhwala amene opanga amathiramo, monga zinc ndi phosphorus. Opanga oyilo eni ake amachenjeza kuti wotha ntchito akamakhalitsa pakhungu angayambitse khansa. Nanga akapsa, munthu n'kumaukoka utsiwo? Sindikunena kuti chitsulo chimamwa oyilo n'kukathira mu nyama, ayi, sichimwa, ndipo nkhanambo ija imachoka popala. Nkhawa yanga ndi mapapo. Pamalo pamene ndimakhala pali mabanja anayi, ndipo ana akangomva hamala amathamangira kudzaonerera.

## Mafuta ake enieni, ndi amene tingawakwanitse

Mafuta opangidwira ntchito imeneyi alipo. Osula mipeni a ku America amatchula kwambiri Parks 50, achangu, oyenera zitsulo zopupuluma ngati 1095 ndi W2, komanso Parks AAA, apakatikati, oyenera 5160 ndi O1. Amenewa amachita zimene mafuta ena onse amangoyerekeza: ukali ngati wa madzi poyamba, kufatsa kumapeto, ndipo sasintha khalidwe chaka ndi chaka. Amene ali ndi njira yowapezera agule, sadzadandaula. Koma kuitanitsa chigubu cha mafuta kuchokera kunja kumafuna madola ndi ndalama yonyamulira, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimenezo kwa munthu wosula Loweruka lokha n'zosayamba.

Ngakhale malita asanu a mafuta ophikira si chinthu chopepuka panyumba ya Mmalawi. Funso la agogo lija, lakuti amayi akudziwa, linali ndi mano. Ndinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, tinagwirizana kuti ndigule chigubu changachanga kumapeto a mwezi, ndichilembe, ndipo cha m'khitchini ndisachikhudze.

Posankha, funani mafuta opepuka, oyenda ngati madzi mukapendeketsa botolo. A mpendadzuwa ndi a soya ndiwo amapezeka ndipo amagwira ntchito. A mtedza nawo amatha, kungoti mtengo. Werengani pa chizindikiro, chifukwa mafuta ambiri ongolembedwa kuti ndi ophikira amakhala a palm kapena osakaniza nawo, ndipo a palm amachita mitambo n'kulemera kukazizira. Kuno kumunsi kwa phiri simufunika makina kuti muwazindikire, botolo likagona panja usiku umodzi wa mu Julaye lidzakuuzani lokha. Mafuta oyeza a pamsika, a m'timapepala ndi m'timabotolo topanda dzina, ali ndi vuto lofanana ndi la mgolo wa kugalaja: simudzapezanso omwewo.

Ndinayesapo kamodzi otsala pa chiwaya, poganiza zopulumutsa ndalama. Anali olemera, odzaza nyenyeswa za mbatata, mchere ndi chinyezi, ndipo anathetheka moti ndinabwerera m'mbuyo mpeni uli theka kunja. Sindinabwerezenso.

Ndinene mosabisa kuti mafuta ophikira ali ndi malire. Pa sipuling'i amakwana. Pa chitsulo cha tupa amalimbitsa pokhapokha mpeni uli wopyapyala, wa msana wosapitirira mamilimita atatu, ndipo ngakhale apo ndi mbali yodulira imene imalimba bwino. Ena amathana ndi matupa powamiza m'madzi masekondi awiri kapena atatu kenako n'kuwasamutsira m'mafuta, koma imeneyo ndi njira ya munthu amene wavomera kale kutaya mipeni ingapo. Matupa ena otchipa ndi olimba khungu lokha, mkati muli chitsulo wamba chimene sichingalimbe olo mutachiviika mu chiyani. Masipuling'i nawo si onse a 5160, ndipo akale amabisa ming'alu ya kutopa. Ndiye chitsulo chilichonse chatsopano chikafika pakhomo panga, ndisanaganize za maonekedwe a mpeni, ndimadulapo tizidutswa monga ndinaonera ku Songani.

Chinanso, mafuta ophikira amakalamba. Pakapita miyezi amalemera n'kuyamba fungo. Kuwavundikira ndi kuwasefa pa nsalu kumawatalikitsira moyo, koma akayamba kumata m'zala, nthawi yawo yatha.

## Paipi ya pafupi ndi chipala

Chitini cha penti ndinachitaya. Wowotcherera wina wa ku Matawale ananditsekera paipi yachitsulo kumunsi ndi chitsulo chophwatalala kuti isagwe. Ndi ya masentimita 10 m'mimba mwake, 60 m'litali, ndipo imalowa malita anayi ndi theka. Mafuta ochepa amatentha msanga n'kusiya kugwira ntchito mpeni usanazizire, choncho pamenepa musaumire. Ili ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo pambali pake pamakhala ndowa ya mchenga. Chigubu cha pulasitiki ayi, nsonga yotentha ikangokhudza pansi mafuta onse ali pamapazi panu. Moto ukabuka, vundikirani. Madzi pa mafuta oyaka musathire ngakhale dontho.

Ndimayamba dzuwa litalowa kuseri kwa phiri. Mpeni ndikamaliza kuusula ndimautenthetsa katatu n'kumausiya kuti uzizire wokha pamphepo, ulendo uliwonse motsikirako pang'ono, kuti shuga uja asanduke ufa. Mbali yodulira ndimaisiya yochindikala pafupifupi milimita imodzi, kunola kumabwera pambuyo. Mafuta ndimawadzutsa ndi bawuti lotentha, n'kuyesa ndi choyezera kutentha cha m'khitchini mpaka 50.

Paipi imakhala pamalo oti ndingotembenuka osaponda phazi. Maginito akasiya kugwira, ndibwezere pang'ono, kenako kuchoka pamoto mpaka m'mafuta kamodzin'kamodzi, nsonga patsogolo, mpeni wonse ulowe. Chitsulo chotentha chikatsalira pamwamba pa mafuta ndicho chimayatsa nthunzi. M'katimo ndimauyendetsa chokweza ndi chotsitsa, kapena molunjika kodulira ngati ndikucheka, kuti nthunzi imene imakuta chitsulo isweke ndipo mafuta atsopano afike. Cham'mbali ayi, mbali imodzi imazizira kuposa inzake, mpeni n'kukhota ngati nthochi.

Ukazizira moti n'kuugwira, tupa. Kupala koyamba nthawi zina limagwirako, chifukwa khungu la pamwamba limataya kaboni pamoto, koma pansi pake liyenera kuterera. Likaluma mpaka mkati, mpeni umenewo sutuluka pakhomo pano.

Pamenepo mpeni umakhala wouma ngati galasi, ukagwa pasimenti uthyoka. Usiku womwewo ndimautsuka ndi sopo n'kuuika mu uvuni pa madigiri 200, maola awiri, kuutulutsa uzizire, n'kubwerezanso maola awiri. Magetsi akazima ndimaika chitsulo chophwatalala pa mbaula, ndimapala mpeni kuti uwale, n'kuukhazika chamsana, maso ali pa mtundu umene ukukwera. Kodulira kukafika mtundu wa udzu wouma, ndichotse. Kukachita buluu ndiye kuti kwafika cha m'ma 300, kwafewa mopitirira.

## Ku Jali kachiwiri

Wachitatu unakhota. Wachinayi unalimba bwino koma chigwiriro sichinandisangalatse, uli m'khitchini mwathu ukudula anyezi. Wachisanu ndi umene ndinapita nawo ku Jali pa Khirisimasi, wa sipuling'i ya agogo ija, woviika m'mafuta a mpendadzuwa ofunda. Ulendo uno sindinaukulunge m'nyuzipepala, ndinangouika pambali pa beseni pamene amalume ankamanga mbuzi.

Anautola, anandiyang'ana, n'kuyamba ntchito. Khosi, chikopa, mfundo zonse zinayi, nthiti. Pamwala anaupititsa kamodzi kokha, atamaliza, mwa chizolowezi. Akusamba m'manja anandifunsa.

"Uja woyamba uli kuti, mphwanga?"

"Tinaudula tizidutswa, amalume. Ku Songani."

Anagwedeza mutu. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitsulo cha pulawo chothyoka, chadzimbiri, chimene chakhala kuseri kwa chitseko kuyambira agogo aamuna ali moyo.

"Ichi chingatuluke chikwanje?"

Ndinabwera nacho pa minibasi chili pamiyendo. Palibe nambala kapena chilembo chilichonse pathupi pake. Chili pakhonde, ndachichotsa kale dzimbiri kumbali imodzi, ndipo Loweruka likubwerali ndidulapo tizidutswa titatu.